Nkhope za Azimayi a pa Kiyosiki

Ndirande, Lachinayi masana

Tiyamike mwana wanga,

Wapita m'tauni kukatenga tikiti ya basi, ndipo m'nyumba muno mwatsala ine ndi chikwama chako chimene chayasama pamphasa ngati chili ndi mawu. Kunja kwachita chiperoni. Phiri labisala, nyumba zakumtunda zikuoneka ngati zikuyandama, ndipo mawu a anthu odutsa akufika pakhomo opanda eni ake. Ndati ndilembe usanabwere, chifukwa ndikayamba kulankhula pamaso pako iwe umati, "Amayi, mwayambatu," ine n'kuyamba kulira, nkhani n'kuthera pomwepo. Dzanja langa ndi lochedwa, sukulu ndinaisiyira panjira, koma pepala silindidula pakamwa.

Ndayang'ana m'chikwama chako. Usakwiye. Ndimafuna kuona ngati waikamo juzi, chifukwa akuti kuzizira kwa ku Joni kumalowa m'mafupa. Juzi ilimo, masokosi alimo, maburashi akonso alimo, ndipo pamenepo ndapuma. Kenako ndapeza zithunzi zimene wakulunga kuti ukaonetse aphunzitsi ako kusukulu yazojambulayo. Ndaziyala pabedi chimodzichimodzi. Wosenza makala wafulatira. Wochapa kumtsinje wafulatira. Wobereka mwana wafulatira, ndipo mwanayo naye wabisa nkhope kumsana kwa mayi wake. M'zithunzi zonse mulibe diso ngakhale limodzi londiyang'ana, ndipo pakona pamene unkalemba dzina lako pangotsala penti woyera. Ndi chifukwa chake ndafuna cholembera.

Iwe sunabadwe woopa nkhope, Tiya. Malemu bambo ako, popenta nyumba za anthu ku Chitawira, ankabwera ndi zitini zotsala, pansi pake muli penti pang'ono ngati msuzi wotsalira m'mbale. Iwe unkazitsegula ndi supuni yanga. Unajambula nkhope kuseri kwa chitseko, pachivindikiro cha ndowa, ndi pakhoma la bafa la alandilodi, mpaka iwo anabwera kudzatikalipira. Atayang'anitsitsa anapeza kuti nkhope yapakhomayo inali yawo, ndi mphuno yawo yomweyo, ndipo anabwerera akuseka. Masiku ena ndikatseka maso ndimakuonabe uli wamng'ono, utakhala m'fumbi, zala zili buluu, dzuwa likukulowa m'tsitsi. Ndimaona bambo ako ataima chapatali, ovololo yawo ili mathothomathotho a mitundu yonse ngati nkhanga, akunena kuti, "Musiyeni, akuona zimene ife timangozipitirira."

Zimene zinachitika chaka chatha ukuzidziwa kuposa ine, koma undilole ndizinene momwe zinandionekera. Unajambula azimayi a pa kiyosiki yathu yamadzi m'mawa, zigubu zili pamzere, Abiti Juma akuseka dzanja lili m'chiuno, amake Pilira atakhala pachigubu akuyamwitsa khanda. Unawapempha onse usanayambe, ndinalipo. Chithunzicho chitatha unachiika pa tsamba lako la pa intaneti, ndipo masiku oyamba anthu anachikonda. Kenako kunadzuka ena. Anayamba ndi kunena kuti ukugulitsa mabere a amayi a ku Ndirande kwa azungu. Atatopa ndi chithunzi anatembenukira iwe. Anatukwana mano ako, tsitsi lako, kusakwatiwa kwako. Wina anadula mutu wako pachithunzi n'kuumata pathupi lamaliseche la munthu wina. Wina analemba kuti akudziwa siteji imene umakwerera minibasi. Foni yako inkalira ngati mwana wodwala, ndipo iwe unasiya kudya.

Ine malo amenewo sindinawaonepo, koma ndimawalota. M'maloto anga intaneti ndi msika waukulu kuposa wa kwathu kuno, uli m'kati mwa chifunga. Mulibe mabenchi, mulibe tomato, mulibe wogulitsa nsomba. Muli pakamwa pokhapokha, poyenda popanda miyendo. Ine ndimakhala ndikuyenda m'menemo nditanyamula juzi yako, ndikuitana dzina lako, ndipo pakamwa ponsepo pamandiyankha ndi mawu anga omwe. Ndikadzuka ndimapita kukasuzumira kuchipinda kwako kuti ndione ngati ukupuma. Kuyambira mawa sindidzakhalanso ndi chitseko chosuzumira. Choncho mvera zimene ndinalakwitsa pofuna kukuteteza, kuti iwe usakazibwereze uli wekha kutali.

Choyamba ndi ulendo wa ku Machinjiri, umene mpaka lero ukaukumbuka umagwira pamimba ndi kuseka. Kwathu ku Nsanje, ngakhale kuno, mwana akatukwana mwana wako sulimbana naye. Umamanga chitenje bwinobwino, n'kupita kwa mayi wake, n'kuodira, n'kukhala pakhonde, nkhani n'kutha ngati anthu. Ndinamva kuti wotukwana kwambiri ankadzitcha Mkango wa ku Machinjiri. Ndinauza Abiti Juma, iwo anati, "Tiyeni anzanga, mkango nawonso uli ndi mayi wake." Tinakwera minibasi. Tinafunsa pamsika, tinafunsa ometa tsitsi, anyamatawo akutsinana. Pomaliza mayi wina wogulitsa nzimbe anatilozera kuseri kwa chigayo, kumene kunalidi munthu womutcha Mkango. Tinapeza nkhalamba yosoka nsapato, mano atatha m'kamwa. Ine ndinayamba ndithu, "Bambo, mwana wanga anakulakwirani chiyani?" Abiti Juma anandikoka chitenje n'kunong'ona, "Anzanga, taonani foni yawo. Ndi yomanga ndi mphira, ngakhale wailesi siigwira." Mkuluyo anatimvetsera mpaka kumapeto, anapukusa mutu, n'kundisokera patapata yanga imene inaduka panjira, osalandira kanthu.

Titabwerako unandiuza kuti wotukwanayo mwina ali ku Mzuzu, mwina ndi mkazi, mwina ndi munthu amene timapatsana naye moni tsiku ndi tsiku. Ndiye tamva, Tiya. Anthu amenewa alibe khonde loti ukakhalepo. Usakawononge miyendo yako kapena mtima wako kuwafunafuna, kufuna kudziwa kuti ndi ndani, chifukwa chiyani, unawalakwira liti. Ine ndinafunafuna mpaka fumbi linandifika m'maondo, ndipo chimene ndinapeza ndi nkhalamba yachifundo yosadziwa kanthu. Ukayamba kufufuza udzayamba kukayikira aliyense wokupatsa moni, ndipo udzatsala wekha. Kumeneko n'kumene iwo akufuna.

Chachiwiri ndi mawu anga aja. Nditaona kuti kunyumba kwawo sindingafikeko, ndinati ndiwalankhule pomwe iwo akulankhulirapo. Unali utandipatsa foni yako yakale, ndipo Abiti Juma anandionetsa podina kuti mawu alowe. Ndinakhala kuseri kwa nyumba, ndinakonza kukhosi ngati ndikuwerenga kutchalitchi, ndipo ndinalankhula mwaulemu. Ndinati, "Abale anga, ameneyu ndi mwana wanga, ndinabala ndekha, chonde musiyeni." Ndinkaganiza kuti munthu aliyense akamva mawu a mayi amatsitsa maso. Sabata isanathe ndinakwera minibasi ya ku Limbe, dalaivala n'kutsegula nyimbo. Ndinamva ng'oma, kenako mawu anga: ndinabala ndekha, ndekha, ndekha. Anali atawadula n'kuwaika m'nyimbo. Kondakitala ankavina ndi mapewa ndalama zili m'zala, ndipo mtsikana wina pambali panga anati, "Masteni amenewa ndi dolo." Ine ndinadzifunda chitenje kumutu ngati ndikudwala dzino, mpaka ndinapitirira siteji yanga.

Ukawayankha, mwana wanga, umawaponyera nkhuni. Ngakhale mawu ako akhale aulemu ngati a m'pemphero, iwo adzawathyola n'kuwotha. Tseka chitseko, chimene inu mumati kubuloka, ndipo usachite manyazi potseka. Munthu sapepesa ntchentche povindikira chakudya. Koma usasokoneze zinthu ziwiri. Wotukwana mano ako, mtsekere basi. Wonena kuti akudziwa kumene umagona kapena njira imene umadutsa, ameneyo si wongotsekera. Jambula mawu akewo uwasunge, monga anakuchitira mnzako Lusungu, ndipo ukawaonetse akuluakulu a pasukulu ndi apolisi tsiku lomwelo. Usakanene kuti ndine mlendo, ndingavutitse anthu. Avutitse. Ndipo usakajambule pakhomo pa nyumba imene ukagone, kapena dzina la msewu, n'kuika poyera. Ukafuna kundionetsa chipinda chako, unditumizire ine ndekha.

Chachitatu chimandiwawa kulemba. Chithunzi chamaliseche chija chinafika m'mafoni a azimayi a mphakati wathu. Palibe anandiuza, koma popemphera ndinkamva maso awo kumsana kwanga. Ndinaumiriza mmodzi kuti andionetse. Nditangochiona ndinadziwa kuti si iwe. Thupi lako ndinalisambitsa ine m'beseni, ndikudziwa chipsera cha phala chili paphewa pako ndi kadontho kakuda kali m'nthiti. Ndiye mapemphero atatha ndinaimirira n'kuyamba kufotokoza. Ndinawauza za chipsera, ndinawauza za kadontho, ndinaloza pathupi langa pamene zili. Ndinachita chimodzimodzi pamsika ndi kuchigayo. Ndinkayesa kuti ndikukuchapa. Utamva unabwera n'kuima pakhomo la khitchini, osakwiya, n'kunena chapansipansi, "Amayi, iwo anandivula ndi thupi la munthu wina. Inu mukundivula ndi langa lenileni."

Ulibe ngongole ya umboni kwa munthu aliyense, Tiya. Wokudziwa safuna umboni, ndipo wofuna umboni sadzakhuta nawo. Akadzanama za iwe kumeneko, uza anthu ochepa amene ali ndi mphamvu yochotsa bodzalo, ndi anthu ochepa amene amakukonda. Otsalawo asiye adye bodza lawo, lidzawatupa okha. Thupi lako ndi lako. Mbiri yako ndi yako. Usakatsegule zamkati mwako pamsika pofuna kuti akukhulupirire, monga ndinachitira ine.

Za foni yako imene ndinakwirira mu ndowa ya ufa sindinena zambiri, chifukwa unaipeza itayera ngati yapita kuchinamwali ndipo tinaseka tonse, kuseka koyamba patapita nthawi. Ndinkaganiza kuti ikasiya kulira, matukwano afera m'menemo. Sanafe. Koma masiku awiri amene unaisowa unagona tulo, unadya mbatata, unakhala pakhonde n'kuyang'ana nkhunda za anthu oyandikana nafe zikuzungulira phiri. Ndiye pa kupusa kwangako tolapo kanthu. Usakawerenge zolemba anthu usanadye. Usakawerenge uli chigonere pabedi, chifukwa pabedi ndi pamene munthu alibe khungu. Ndipo usakawerenge wekha. Ukafika, funafuna mnzako mmodzi wamtima wozizira ngati Lusungu, woti zikavuta umpatse foni n'kumuuza kuti, ona zofunika undiuze, zinazo taya. Katundu wolemera timasenzetsana ngakhale pa kiyosiki.

Tsopano chachikulu, chimene chandikhazika pansi lero. Tsiku lina kunkagwa mvula yamawawa, iwe utakhala pafupi ndi chinsalu choyera chojambulapo osachikhudza. Ine mantha atandikwana ndinati, "Bwanji osangojambula maluwa, mwana wanga? Jambula phiri, jambula nkhuku. Maluwa satukwanitsa munthu. Dzina lakonso usamalembe, adziwa bwanji kuti ndi iwe?" Sunajambule maluwa, koma kuyambira pamenepo azimayi ako anayamba kutembenuka mmodzimmodzi, mpaka onse anayang'ana kukhoma, ndipo dzina lako linachoka pakona. Ine ndinakondwa. Foni inachepa kulira, iwe unayambanso kudya, ndipo ndinati Mulungu wayankha. Sindinaone kuti chimene alendo aja analephera kukulanda ndi matukwano, ine ndinakulanda ndi chikondi.

Amene ananditsegula maso ndi amake Pilira. Kuyambira nkhani ija ndinkawazemba, ndinkapita kotunga madzi iwo atachoka, chifukwa ndinkati bere lawo layenda dziko lonse chifukwa cha mwana wanga. Mwezi watha tinakumana maso ndi maso pamzere. Ndinayamba kupepesa. Iwo anatula chigubu n'kundiyang'ana ngati ndalankhula Chitchaina.

"Mukupepesa chiyani, amake Tiya?"

"Za chithunzi chija. Anthu anakunenani."

"Anandinena ndani? Amenewo sanayamwe? Anakula ndi tiyi?" Azimayi onse pamzere anaseka. "Bere ili ladyetsa ana anga onse, lilibe mlandu ndi munthu. Chimene chinandinyansa ine n'chakuti mwana wanu anandijambula nditavala chitenje chakale chija chong'ambika m'mphepete. Akanandiuza tsiku, ndikanavala cha ukwati wa mng'ono wanga."

Abiti Juma anawonjeza kuti iwo chithunzicho anachitumiza kwa mchimwene wawo ku Mangochi, ndipo akuti kumeneko ananena kuti anenepa, tauni ikuwayanja. Tinaseka mpaka wogulitsa madzi anatikalipira kuti mpopi ukungotayika. Kenako amake Pilira anasiya kuseka. Anati, "Koma ine ndili ndi funso. Ndaona zimene akujambula masiku ano, poyanika panja paja. Msana uja ndi wanga, ndauzindikira mpango. Uja wosenza makala ndi Abiti. Nanga n'chifukwa chiyani watifulatitsa tonse? Ife sitinamufulatire. Tinamulakwira chiyani mwana ameneyu?"

Ukudziwa, Tiya, kuti kwathu kufulatira munthu si chinthu chaching'ono. Timafulatira amene tadana naye, amene tamutaya. Iwe unkaganiza kuti ukuwateteza powabisa nkhope. Iwo akuona kuti wawaika pakhoma ngati anthu okukana, pamene tsiku lililonse ankandifunsa ngati wadya. Sindinakuuze mawu amenewa. Ndinawasunga mwezi wathunthu chifukwa ndinkaopa kuti ukawamva uyambiranso nkhope, foni n'kuyambiranso kulira. Lero nditaona misana ija itayalidwa pabedi, ikupita kudziko la eni, ndinaganiza za aphunzitsi ako. Adzati azimayi a ku Ndirande ndi anthu otani? Adzaona mipango ndi zigubu basi. Sadzadziwa kuti Abiti Juma ali ndi mpata pamano ngati iwe, kapena kuti amake Pilira akamaseka diso limodzi limatsinzina.

Sindikunena kuti mantha anga atha. Ukundidziwa. Ndikuopa msewu wa ku Tete, ndikuopa pachipata cha m'malire, ndikuopa kuzizira, ndikuopa anyamata a kumeneko, ndikuopa kuti ukadwala palibe adzadziwe kuti phala umalifuna lamadzimadzi. Ndikuopanso kuti ukalemba dzina lako pakona, pakamwa paja padzatulukanso m'chifunga. Padzatuluka ndithu, sindikunamize. Abiti Juma amati mutu ukakula sulewa nkhonya, ine ndimawayankha kuti mutu umenewo ndinaubala ine, musaupereke ku nkhonya mosavuta choncho. Koma ndaona mitundu iwiri ya kuwawa pankhope pako. Pamene ankakutukwana unkalira, koma unali iwe. Pamene unasiya nkhope unasiya kulira, koma unkayenda m'nyumba muno ngati mlendo wodikira basi. Kwachiwiriko n'kumene kunandiopsa kwambiri, ngakhale ndachedwa kuvomera.

Ndiye ukandiimbira foni n'kumva ndikuti samala, bisala, siya, udziwe kuti akulankhula ndi mantha, si ine. Undiyankhe mwaulemu kuti ndamva amayi, kenako ukatenge burashi. Pempha chilolezo kwa aliyense usanamujambule, monga umachitira, ndipo umuuze kuti chithunzicho chikafika kutali kumene kuli anthu amwano. Akavomera, mujambule yense, ndi maso omwe. Umuuzenso tsiku, kuti avale chitenje chimene akufuna.

Usiku wathawu ndinalotanso msika uja, koma unasintha pang'ono. Chifunga chinalipo, pakamwa paja panalipo. Koma chapakati panali mpopi ukutuluka madzi, ndipo azimayi anali pamzere ndi zigubu zawo, akukamba za mtengo wa makala ngati kulibe chilichonse. Bambo ako anali pamakwerero akupenta chifungacho, mbali ina chayamba kale kukhala buluu. Ndinawafunsa kuti Tiya ali kuti, iwo analoza ndi burashi osatembenuka. Sindinakuone, ndinadzidzimuka ndi tambala wa alandilodi. Koma ndinadzuka mtima uli m'malo, chinthu chimene sichindichitikira kawirikawiri.

Tsopano tamva pempho langa. Basi yako inyamuka mawa masana, ndipo madzi pa kiyosiki amabwera m'mawa. Azimayi adzakhalapo monga mwa masiku onse. Sindinawalonjeze kanthu, ndangowauza kuti ukupita, ndipo amake Pilira ati avala chitenje cha ukwati chija kuti akutsanzike bwino. Penti sangaume nthawi yake isanakwane, ndikudziwa, koma pensulo ndi makala sizifunika kuyanikidwa. Ukafuna, tenga pepala. Ukapanda kufuna, tiye ukangowapatsa moni, uwayang'ane kumaso, aone kuti sunawataye. Sindikukakamiza. Ndakukakamiza zokwanira chaka chino.

Koma pali nkhope imodzi imene sunaijambulepo chikulire, chifukwa nthawi zonse ndinkathawa, ndinkati ndine wakuda, ndakalamba, anthu adzandiseka. Mawa ndidzakhala pachigubu changa chachikasu pafupi ndi mpopi. Sindidzafunda chitenje kumutu. Ukamaliza ulembe dzina lako pakona, lonse, ndi la bambo ako lomwe, ndipo ukafika uko uchiike pamene anthu angachione. Akafuna kuseka aseke. Mawu anga anavina nawo kale m'maminibasi osandidziwa. Tsopano aone mwini wake wa mawuwo, akuwayang'ana.

Ndikumva mapazi ako panjira, ndimawadziwa ngakhale m'chifunga. Kalatayi ndiika pamwamba pa juzi, kuti uipeze lero lomwe pofuna kutseka chikwama. Ukawerenga usandifunse kanthu, ndingalire. Ungondiuza ngati ndivale mpango wobiriwira kapena wofiira.

Ndine mayi wako amene anakubala yekha,
ndipo sadzakufulatira.